Mutu 6: Njoka Kuseri kwa Mgolo wa Kabichi

1. Tsiku louzira kabichi

Kwathu chilichonse chofuna kusungidwa chimapita pakhonde. Mabotolo a tsabola, mbatata, nsapato za nyengo yotentha, njinga yopanda tayala, zonse zili pamenepo. Khondelo ndi lotchinga ndi magalasi, ndipo ukangofika mwezi wa Novembala, pamene kuno chisanu chimayamba, limazizira ngati firiji. Timakhala pamwamba pa nyumba yosanja, ndipo mphepo ya mumzinda uno wa Sliven ilibe manyazi.

Pakona pamakhala mgolo wa Agogo a Stamen, bambo awo a amayi athu. Chaka chilichonse amaviika kabichi yathunthu m'madzi amchere kuti tidye mpaka chisanu chidzathe. Ikayamba kusasa pamafunika kuuzira. Munthu amalowetsa paipi mpaka pansi pa mgolo n'kupemerera ndi pakamwa kuti mchere wa pansi ukwere pamwamba. Ukachita ulesi kabichi imafewa n'kununkha, ndiye wataya ndiwo za chaka.

Loweruka limenelo ine ndinali m'khitchini, ndikuphwanya karoti wa mwana wanga Kalin, amene anali atangoyamba kukwawa. Mng'ono wanga Bilyana anali m'bafa akupesa tsitsi. Masana ankayenera kupita kwa telala kukapereka ndalama ya diresi.

Bilyana ali m'kalasi yomaliza. Mu Meyi kumakhala phwando la omaliza sukulu, pamene mzinda wonse umatuluka kukaona kuti mwana wa uje wavala chiyani. Ine sindinafikeko, sukulu ndinalekera panjira. Choncho amayi, amene amasamala nkhalamba ya eni ake ku Italiya, analumbira kuti mwana wawo wachiwiriyu adzavala diresi losoketsa, osati lobwereka. Ndalamayo ankatumiza pang'onopang'ono kuyambira chaka chatha. Inkakhala mu envelopu, m'manja mwa Bilyana mwiniwake, chifukwa amayi anati wakula tsopano.

Ndinamva madzi a kabichi akubwata pakhonde. Kenako kunali zii. Kenako mawu a agogo.

"Nevena! Bwera kuno. Mwana umusiye!"

Ndinamuika Kalin m'kabedi kake n'kuthamanga. Ndinawapeza agogo ataima, paipi ili m'manja ngati chikoti. Anali atasuntha mgolo pang'ono kuti apeze poponda. Kuseri kwake kunali bokosi lapulasitiki, lija tinkasungiramo zidole, litafundikidwa ndi juzi yakale. Pa chivindikiro panali timabowo toboola ndi msomali.

"Ine ndimayesa ndi adyo," anatero agogo. "Tamuone adyo wake."

M'bokosimo munali njoka. Kunenepa kwake ngati mkono wa khanda, yamawanga akuda ndi ofiirira. Pambali pake panali botolo larabala lija timathiramo madzi otentha, litazizira ngati mwala. Njokayo sinathawe. Inali itadzutsa mutu, kukamwa kuli yasa, pamphuno pali thovu.

Ndinakuwa dzina limodzi lokha. M'nyumba mwathu woti n'kuchita zoterezi ndi mmodzi.

2. "Ndi yanga"

Bilyana anabwera chipeso chili m'tsitsi. Atangoona bokosi lili poyera, anatikankha tonse awiri n'kulikumbatira.

"Musaikhudze! Ndi yanga. Dzina lake ndi Zlatka."

"Ili ndi dzina lomwe!" ndinatero. "Agogo, mwamva? Tili ndi mlendo muno ife osadziwa. Yabwera liti?"

"Sabata yatha."

"Sabata yonse! Mwana wanga akukwawira pachitseko ichi tsiku ndi tsiku!"

"Siluma, achemwali. Ilibe ululu. Ndi nsato yaing'ono, ikachita mantha imangodzipinda ngati mpira. Ndinawerenga zonse pa intaneti."

"Unawerenga zonse. Chabwino, aphunzitsi. Ndalama unaitenga kuti?"

Anayamba kukonza juzi ija pamwamba pa bokosi.

"Bilyana, ndikufunsa za envelopu."

"Ndinangotapamo pang'ono. Yambiri ilipo. Diresi litheka, ndingomuuza telala achotse mikanda ya pachifuwa."

"Ndipo mlendo wakoyu amadya chiyani? Kabichi?"

"Mbewa," anayankha motsitsa mawu.

"Mbewazo zili kuti?"

Maso ake anapita kukhitchini. Sindinafunsenso. Ndinakatsegula firiji, kumtunda kuja kouma madzi. Pakati pa timabotolo ta chakudya cha Kalin panali chitini cha yogati chimene sindinachiike ine. Ndinachivundukula. Munali timbewa toyera, touma gwa, titagona mothithikana.

Ndinachiponya mu sinki mpaka chivindikiro chinakagwera pansi pa tebulo.

"Pafupi ndi chakudya cha mwana wanga! Iwe, umenewo ndi mutu kapena ndi poika tsitsi?"

"Zili m'pulasitiki, achemwali! Sizinakhudze kanthu!"

"Muno tilimo anthu anayi m'zipinda ziwiri. Iwe wemwe umagona pa sofa. Unafunsa ndani kuti ubweretse chamoyo muno? Ndani?"

Apa Bilyana anadzutsa mutu n'kundiyang'ana m'maso.

"Nanga inu munafunsa ndani pamene munkabweretsa Kalin?"

Dzanja langa linanyamuka lokha. Agogo analigwira lili m'malere. Ndi okalamba, koma zala zawo zikakugwira umadziwa.

"Basi!" anatero. "Wina akamenya mnzake muno, nonse awiri mukagona pa masitepe."

Dzanja ndinatsitsa, koma pakamwa sindinatseke.

"Kalin sindinamubise kuseri kwa mgolo. Sanagonepo ndi njala, sanagonepo pozizira. Tayang'ana yakoyo. Ikufa."

"Ikungoyasamula," anatero Bilyana.

"Tonse tikhale chete," anatero agogo.

Tinakhala chete. Njoka ikapuma pankamveka kalikhweru kakang'ono, ngati ka ketulo imene yangoyamba kutentha. Bilyana anagwada n'kuika khutu pa timabowo tija. Atadzuka, nkhope yake inali itasintha.

"Dzulo sinkachita chonchi," anatero.

3. Mawu a Agogo a Stamen

Agogo ndi munthu amene amazula mapulagi onse tikamatuluka m'nyumba, ngakhale la wailesi. Hita amaiyang'ana ngati mbala. Koma tsiku limenelo anaiyatsa okha, n'kulamula kuti bokosi liikidwe chapafupi. Kenako anakhala pa mpando wawo wa m'khitchini n'kumulozera Bilyana mpando wina.

"Khala apo. Usandiyankhe mpaka nditamaliza.

"Ndikanakhala munthu wina, bwenzi nditaiphwanya kale mutu ndi fosholo. Koma mayi anga ankati njoka imene yagona pansi pa denga lako suipha, ukaipha nyumba imapasuka. Kumudzi kwathu inalipo ina, inkakhala pansi pa mwala wa pakhomo. Ankaiikira mkaka m'kambale. Sindinaionepo ikumwa, koma ankaika ndithu. Imeneyo inabwera yokha. Inkadzisakira yokha. Chisanu chikafika inkadziwa kolowera, chifukwa inali ya dziko lino. Iyi kwawo ndi kotentha. Iwe waitsekera m'bokosi la zidole, n'kuiika pamalo pamene ine ndimaika nyama kuti isawole. Ndiye ukuti umaikonda? Mdani akanaichita chiyani choposa pamenepa?

"Ndagwira ntchito pa fakitale ya nsalu mpaka khutu ili linagontha. Sindinaphunzire kwambiri, koma ichi ndikuchidziwa. Chinthu chopanda moyo umagula kamodzi. Nsapato walipira, nkhani yatha, ukatopa nazo uponya pakhonde. Chamoyo umachigula m'mawa uliwonse. Lero chakudya, mawa magetsi, mkuja mankhwala. Sichidziwa kuti uli ndi mayeso. Sichidziwa kuti penshoni yatha mwezi usanathe. Komanso galu akamva njala amalira. Mphaka amakukanda mwendo mpaka udzuke. Ichi sichilira. Chimangofa mwakachetechete, iwe uli kusukulu ukuonetsa anzako zithunzi.

"Tsopano ndalama imene watapayo. Mayi ako, mwana wanga, amanyamula nkhalamba yolemera kuposa iyeyo. Kuisambitsa, kuitembenuza, kuipukuta kumbuyo. Manja ake unawaona pamene anabwera pa Isitala? Zala zija zimene sizipindikanso bwino? Sanapite kumeneko kukaona matchalitchi. Sindikunena kuti diresi ndi lofunika kuposa njoka. Kwa ine zonse ziwiri n'zopusa. Ndikunena kuti ndalamayo ili ndi amene anaitulukira thukuta, ndipo unayenera kumufunsa. Akanakana. Unadziwa kuti akana, n'chifukwa chake sunafunse. Kumeneko ndi kuba, ngakhale envelopu inali m'thumba mwako."

Bilyana anapukuta mphuno ndi mkono wa malaya.

"Ndingayankhe tsopano?"

"Yankha."

"Amene anandigulitsa anati siifuna zambiri. Anati bokosi ndi madzi basi, ndipo imatha mwezi osadya. Ndimati patchuthi ndigwire ganyu, ndigule khola lenileni, kenako ndikuuzeni. Madzi otentha ndimathira m'botolo m'mawa ndi madzulo."

"Botolo limazizira usanafike n'komwe pa basi," ndinatero. "Ndiye pakhonde penipeni?"

"Nanga ndikanaiika kuti? Inu mumasesa paliponse, ndi pansi pa sofa pomwe. Pakhonde ndi pamene timasunga zinthu. Ndinaiwala kuti kabichi yayamba kusasa."

"Kabichi ndi imene yaipulumutsa," anatero agogo. "Muimbire wogulitsa wakoyo. Tonse timumve."

4. Wogulitsa

Dzina lake anali Vihren. Bilyana anamupeza pa intaneti, ndipo njokayo anampatsira pa siteshoni ya basi, ili m'kathumba kansalu. Anaimba n'kuika foni patebulo kuti mawu amveke.

"Halo? Ndani? Aa, kamtsikana ka ku Sliven! Ukufuna ina? Ndili ndi yachikasu yokongola kwabasi."

"Ayi, achimwene. Ija ikudwala. Ikutuluka thovu m'mphuno, ikupuma molira."

"Ukuisunga pati?"

"Pakhonde."

Munthuyo anaseka mpaka kutsokomola.

"Pakhonde! Mu Novembala! Mwanawe, imeneyo ndi njoka, si botolo la tsabola!"

"Koma munati bokosi ndi madzi basi."

"Ndinati bokosi lofunda. Sunamvetsere."

"Simunatero!"

Ndinalanda foni.

"Tamvera, bambo iwe. Ine ndine mkulu wake. Wagulitsa chamoyo kwa mwana wa sukulu pa siteshoni ngati mtedza. Unamufunsa ngati ali ndi khola? Unamufunsa ngati kwawo akudziwa?"

"Mayi, ine ndimagulitsa njoka. Kulera ana a anthu si ntchito yanga. Inachoka m'manja mwanga ili bwinobwino."

"Bwera udzaitenge, ubweze ndalama."

"Yodwala? Kuti idzapatsire zanga? Iyayi. Koma musadandaule, ikafa mundiuze. Ina ndikupatsani motchipa, poti ndinu makasitomala."

Anadula. Ndinaimbanso, foni inangolira mpaka kusiya.

Bilyana anali chilili pafupi ndi hita, manja ali lende.

"Anati ndizimuimbira nthawi iliyonse," anatero. "Anati ndife banja limodzi, anthu okonda njoka."

"Banja lako ndi ili, lomwe umabisira mbewa m'firiji," ndinatero. "Tsopano mvera. Njira zilipo ziwiri. Uibwezere pakhonde, mawa m'mawa nkhani yatha, upite kwa telala, amayi sadzadziwa. Kapena upite nayo kwa dokotala wa ziweto. Ukasankha kumeneko, usayang'ane chikwama changa. Ndalama ya matewera ndi ya matewera. Sinditulutsa ngakhale khobidi la leva imodzi."

"Nanenso usandiyang'ane," anatero agogo.

Bilyana anavula pilo nsalu yake, n'kuikamo njoka mosamala. Kenako anailowetsa m'kati mwa jekete, pamimba penipeni, n'kutseka zipi. Anakatenga envelopu m'chikwama cha sukulu.

Ndinavala nsapato. Kalin ndinawasiyira agogo. Sindinapite chifukwa cha njoka. Mwana amene wanamizidwa kamodzi ali ndi envelopu m'manja sayenda yekha kachiwiri.

5. Kwa dokotala wa ziweto

Dokotala wa pafupi ndi kwathu anangosuzumira m'jekete n'kubwerera m'mbuyo. Anati iye amadziwa agalu ndi amphaka basi. Anatilozera kwa mnzake, kutsidya lina la mzinda. Tinakwera basi, kenako ina.

Kumeneko tinapeza Dokotala Gerova, mayi waimvi wolankhula ngati akuwaza nkhuni. Anaitulutsa njoka, anaiyeza pa sikelo, anaitsegula kukamwa ndi kamtengo n'kuunika. Bilyana anafotokoza zonse, ndi za khonde zomwe. Dokotala sanaseke.

"Chibayo," anatero. "Khala pansi, mtsikana iwe. Ndinena kamodzi.

"Pa zonse zimene munthu amagula akafuna kuweta njoka, njokayo ndiyo yotchipa. Ogulitsa a pa siteshoni amadziwa zimenezi, n'chifukwa chake zinazo satchula. Imafuna khola lotsekeka bwino, chifukwa mpata umene iwe sungauone, iyo iuona. Mbali ina ya khola izitentha ngati masana otentha kwambiri a mu Julaye, ina izingofunda, kuti izisankha yokha pokhala. Zimenezi usana ndi usiku, chaka chonse. Chotenthetsera chokha sichikwanira. Pamafunikanso kachipangizo kochizimitsa kukatentha kwambiri, apo ayi njoka imapsa mimba ili chigonere. Zakupsa ndaziona zambiri kuposa zozizidwa. Imafuna pobisala. Imafuna mbewa, ndipo mbewa sizimera m'munda. Magetsi akazima, amene asowe tulo ndi iwe.

"Ndipo mtundu uwu umakhala zaka makumi awiri, ina mpaka makumi atatu. Udzapita ku yunivesite, kogona ophunzira sadzailola. Udzafuna nyumba ya lendi, mwini nyumba adzakutsekera chitseko. Udzafuna kupita kunja kukagwira ntchito ngati anzako onse, uidzasiyira ndani? Udzabereka, ana ako adzayamba sukulu, iyo ilipobe, ikudikira mbewa yake. Unaganizapo zimenezi usanapereke ndalama?"

"Ayi, adokotala."

"Palibe amene amaganiza. Amabwera kuno zitavuta kale. Kunyumba kuli mwana wamng'ono?"

"Alipo," ndinayankha ine. "Wanga. Akukwawa."

"Asaiyandikire. Njoka zimayenda ndi tizilombo totsegula m'mimba. Wamkulu amadwala n'kuchira, koma khanda ndi nkhani ya kuchipatala. Aliyense akaigwira asambe m'manja ndi sopo. Mbale yake isatsukidwe m'khitchini."

Ndinamuyang'ana Bilyana. Iye anayang'ana sikelo.

"Ichira?" anafunsa.

"Sindilonjeza. Ikufunika majakisoni kwa masabata angapo, ndi khola lofunda kuyambira lero, osati mawa. Popanda khola, jakisoni ndi kungotaya ndalama. Njira ina ndi yakuti ndiigoneke pompano. Siimva kuwawa, ndipo mtengo wake ndi wochepa."

Dokotala anatchula mtengo wa mankhwala, n'kutiuzanso kuti khola logwiritsidwapo kale ntchito ndi zipangizo zake zimagulidwa bwanji. Bilyana anatsegula envelopu n'kusuzumiramo. Panalibe chowerengera. Tonse tinaona kuti zotsala sizingagule ngakhale zipi ya diresi.

Ndinamukokera pakona.

"Bilyana, tamvera. Phwando limenelo limachitika kamodzi, silibwereranso. Ukapereka envelopuyi, njoka ikhoza kufa ndithu. Wamva wekha, sakulonjeza. Udzatsala wopanda njoka, wopanda diresi. Ukuganiza kuti amayi atumizanso? Azitenga kuti? Anzako adzakhala akuliza mahutala a magalimoto m'misewu, iwe uli pa sofa ukusungunula mbewa."

"Mukufuna ndiiphe?"

"Ndikufuna uganize. Kamodzi kokha m'moyo mwako, uganize usanachite."

"Ndikuganiza, achemwali. Tandisiyani."

Njoka inali patebulo, mutu uli m'mwamba, kalikhweru kaja kakumveka. Panja galu wa munthu wina ankauwa.

"Ikanadwala yokha, mwina," anatero Bilyana. "Koma pakhonde paja sinapite yokha. Ndinaiika ine."

Anabwerera patebulo n'kuika envelopu pafupi ndi sikelo.

"Ichizeni, adokotala."

"Makolo ako akudziwa za ndalamayi?"

"Adziwa lero."

Ndinali nditakwiya mpaka makutu ankatentha. Koma chinthu chikachitika chachitika, chotsala ndi kukonza.

"Chabwino," ndinatero. "Tsopano umve zanga, dokotala akhale mboni. Khola likhala ndi loko, kiyi ndisunga ine. Mbewa sizilowanso m'firiji yanga, ukapemphe malo kwa anzako okonda njoka aja. Magetsi uziwalipira agogo wekha, ukatsuke mbale ku lesitilanti Loweruka lililonse. Kalin akangotsegula m'mimba kamodzi, njoka ituluka tsiku lomwelo, ichire isachire. Ndipo kwa telala upita wekha kukanena. Ine sindikuperekeza."

"Ndamva."

"Bwereza."

Anabwereza zonse, osaphonya. Dokotala anagwira njoka n'kuibaya jakisoni woyamba. Amene anatsinzina ndi Bilyana.

6. Foni ya ku Italiya

Khola tinaligula m'sitolo ina ya ziweto ndi ndalama yotsala mu envelopu, lagalasi, long'ambika pang'ono pakona. Tinalinyamula awiri, wina uku wina uku, mpaka pa basi. Titafika kwathu tinapeza chikepe chafa monga mwa nthawi zonse, choncho tinakwera nalo pa masitepe. Njoka inali m'jekete muja.

Pa nsanja yachiwiri mayi wina woyandikana nafe anasuzumira pachitseko.

"Mwayamba kuweta nsomba, atsikana?"

"Eya, nsomba," ndinayankha. "Yaitali."

Tinaliika pa tebulo limene Bilyana amawerengerapo, pamene Kalin sangafikire. Mabuku ake anapita pansi pa sofa. Agogo anaimirira chapatali, manja kumbuyo, akuyang'ana waya wa chotenthetsera.

"Chimenechi chizizima nthawi yanji?"

"Pulagi lake silizulidwa, agogo," anatero Bilyana. "Usana ndi usiku."

"Ngakhale titatuluka tonse?"

"Ngakhale titatuluka tonse."

Agogo anatukwana mawu amene sindingalembe m'buku la ana a sukulu. Kenako anapita kuchipinda, n'kubwera ndi ulusi wofiira, n'kuumanga pa pulagilo.

"Kuti ndisalizule moiwala," anatero. "Usaganize kuti ndakukhululukira."

Khola litafunda, Bilyana anaikamo njoka. Inakhala kaye osasuntha. Kenako inakwawa pang'onopang'ono kupita mbali yotentha n'kudzipinda. Kalikhweru kanali kakumvekabe. Bilyana anapita kukasamba m'manja ine ndisanamuuze.

Amayi amaimba Loweruka lililonse dzuwa likapendeka, nkhalamba yawo ikagona. Foni inalira Bilyana akupukuta manja. Aliyense anayang'ana mnzake.

"Muwauze kuti ndili m'bafa," ananong'oneza.

"Muno mabodza atha," anatero agogo. "Unalonjeza pamaso pa dokotala. Nevena wandiuza."

Ndinayankha foni n'kumupatsira m'manja. Nkhope ya amayi inaoneka pagalasi, tsitsi atamanga ndi kansalu, maso otopa koma akumwetulira. Ankalankhula motsitsa kuti asadzutse wodwala wawo.

"Bilyana wanga! Wapita kwa telala? Wasankha nsalu iti, yobiriwira ija? Ine kuno ndapempha kale tchuthi cha mu Meyi, andilola. Ndawauza anzanga onse kuti mwana wanga adzaposa ana a madokotala. Anakupatsa kachidutswa? Tandionetsa, ndione mtundu wake."

Bilyana anandiyang'ana. Ine ndinanyamula Kalin n'kumuika pachiuno. Agogo anayang'ana kudenga.

"Amayi," anatero Bilyana, "khalani kaye pansi."

"Ndakhala kale. Chavuta n'chiyani? Telala wakweza mtengo?"

"Kwa telala sindinapite. Ndalama ya diresi palibe. Ndaigwiritsa ntchito ine, popanda kukufunsani."

"Waigwiritsa ntchito yanji?"

Bilyana anatembenuza foni n'kuilozetsa ku khola.

Kuchokera ku Italiya tinkamva wotchi ya m'nyumba ya eni ake ikugunda. Amayi atalankhulanso, sanatsitsenso mawu.

"Mpatse foni mkulu wako."